Mukapita Kunja pa Ntchito, Kaoneni Kumene Adatsala Makolo Athu

Masiku ano si chachilendo kumva kuti mwana wa m'mudzi mwathu wapita kunja kwa dziko pa ntchito. Wina watumidwa ndi ofesi yake ku msonkhano ku Nairobi, wina wapita ku Dar es Salaam kukatenga galimoto pa doko kapena kukapikula katundu wa malonda, winanso wakwera basi ya ku Johannesburg kukafuna maganyu. Ntchito ikatha, kapena likapezeka tsiku lopuma, ambiri amayendayenda mu mzinda kuona nyumba zitalizitali, nyanja ya mchere ndi masitolo, najambulitsa zithunzi zoti akaonetse abale kumudzi. Palibe choipa pamenepo. Koma m'mizinda yomweyo muli malo ena amene apaulendo athu amangowapitirira, osadziwa kuti malowo akunena za iwo omwe. Tikunena zipilala ndi manda a nkhondo. Ife tikuti munthu wa ku Ntcheu, makamaka wa ku Mlangeni ndi midzi yozungulira, ali ndi chifukwa chachikulu choimira pa malo otere, ndipo chifukwacho tichipeza tikabwerera m'mbuyo zaka zoposa 100.

Linga la pa Mlangeni

Aliyense woyenda pa mseu waukulu wochokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe adziwa kuti akapitirira boma la Ntcheu nakwera zitunda, mseu umatsata malire, mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique. Mlangeni ali m'chigawo chimenechi. Malirewo adachokera pa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la chaka cha 1891, ndipo adadula pakati dziko la Angoni a kwa Maseko, phiri la Domwe nkutsalira mbali ya Apwitikizi. Chaka chomwecho dziko lathu lidalowa pansi pa ulamuliro wa Britain.

Inkosi Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, sadafune kugonjera msonkho ndi malamulo a alendowo. Motero mu Okutobala 1896 boma lidatumiza asilikali ake, ndipo Gomani adagwidwa naphedwa pa 27 Okutobala chaka chomwecho. Pambuyo pa zimenezi Angerezi adamanga linga la asilikali pa Mlangeni kuti aziyang'anira Angoni. M'mabuku ndi m'mapu akale malowa adalembedwa kuti Fort Mlangeni. Lero dzinali limadziwika kwambiri ndi sukulu yophunzitsa apolisi, koma chiyambi chake ndi chimenecho.

Tsono chidatsatira ndi chinthu chozizwitsa. Poyamba Angerezi ankadalira asilikali ochokera ku India pamodzi ndi Atonga ndi Ayao, koma posakhalitsa adayamba kulembanso anthu a mitundu ina, ndi Angoni omwe. Anyamata a mtundu umene udagonjetsedwa dzulo adavala yunifomu ya amene adawagonjetsa. Sitiyenera kuwaweruza msanga. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndipo ndalama sizinkamera m'munda wa mapira. Mwamuna ankayenera kusankha pakati pa minda ya azungu, migodi ya kummwera ndi usilikali.

Maulendo oyamba a kunja

Tikati tifufuze Amalawi oyamba kutumidwa kutsidya kwa nyanja pa ntchito ya boma, tidzapeza asilikali amenewa. Mu 1899 gulu lina lidatumizidwa ku chilumba cha Mauritius. Mu 1900 ena adakamenya nkhondo ya Ashanti, m'dziko limene lero ndi Ghana. Pa 1 Januwale 1902 padakhazikitsidwa gulu lalikulu la King's African Rifles, ndipo magulu ake awiri oyamba adali a kuno kwathu. Zaka zotsatira adakathira mwazi m'chipululu cha Somaliland, pomenyana ndi anthu a Mohammed Abdullah Hassan. Chifukwa cha nkhondo ya pa malo otchedwa Erego, mu Okutobala 1902, mtsogoleri wao Alexander Cobbe adalandira mendulo yapamwamba ya Britain, ndipo dzina lake likadali pa kampu ya asilikali ya ku Zomba mpaka lero. Pa Gumburu, mu Epulo 1903, gulu lina la asilikali athu lidazingidwa, ndipo ambiri a iwo adaphedwa. Dzina la Cobbe mwana wa sukulu aliyense walimvapo, koma maina a anyamata amene adatsala mu mchenga wa Gumburu sitiwatchula.

M'zaka zomwezo, mu 1901, ansembe a chipani cha Montfort adafika pa Nzama, m'boma lomweli la Ntcheu. Kotero akhristu oyamba a kuno adakula m'nthawi imene ng'oma ya tchalitchi ndi lipenga la asilikali zinkamveka m'dziko limodzi.

Nkhondo ya Chiwaya

Nkhondo yoyamba ya pa dziko lonse itabuka mu Ogasiti 1914, sidachedwe kufika kuno, popeza Tanganyika adali m'manja mwa Ajeremani. Mwezi womwewo sitima ya Guendolen idaombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann kutsidya kwa nyanja yathu, ndipo pa 9 Sepitembala 1914 kudachitika nkhondo ya ku Karonga. Makolo athu adaitcha nkhondo yonseyi kuti ya Chiwaya, potengera mfuti yolira mosalekeza ija.

Kumene kunkamenyedwa nkhondoyi kudalibe miseu yoyenda galimoto, ndipo ng'ombe, abulu ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Chakudya, zipolopolo, mahema ndi mankhwala, zonse zinkayenda pa mitu ya anthu. Ofufuza mbiri amawerengera kuti dziko lathu lidapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, pa nthawi imene anthu onse m'dziko muno adangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Tiganizire bwino chiwerengerochi. Chitanthauza kuti midzi yochepa yokha ndiyo idapulumuka. Mafumu ankalamulidwa kupereka amuna, akapolisi ankafika usiku, ndipo mwamuna akathawira kuthengo nthawi zina ankagwira mkazi wake mpaka mwiniyo atadzipereka. Mtengatenga ankasenza katundu wolemera makilogalamu oposa 20, tsiku ndi tsiku, m'mvula ndi m'matope, phoso lili lochepa. Ambiri sadafe ndi chipolopolo ai, koma ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala. Wodwala ankasiyidwa m'mbali mwa njira, ulendo nkumapitirira.

Sikuti onse adangokhala chete. Mu Novembala 1914 John Chilembwe adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti Afirika akufera nkhondo yosawakhudza, ndipo mu Januwale 1915 adaukira boma. Kuno ku Ntcheu mnzake Filipo Chinyama adayesa kuchita chimodzimodzi, koma adagwidwa naphedwa. Kutsidya kwa Zambezi, mu 1917, anthu a ku Barue adaukira Apwitikizi, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chidali kugwidwa kwa amuna pa ntchito yokakamiza ndi ya mtengatenga.

Mu 1916 asilikali a kuno, motsogozedwa ndi Edward Northey, adalowa mu Tanganyika. Mtsogoleri wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, adaoloka mtsinje wa Rovuma mu Novembala 1917 nalowa mu Mozambique, ndipo anthu athu adamtsata komweko. Mu Ogasiti 1918 adamenyana naye koopsa pa Lioma. Kenaka iye adatulukira m'dziko limene lero ndi Zambia. Ku Ulaya mfuti zidaleka kulira pa 11 Novembala 1918, koma uthenga udampeza iye pa mtsinje wa Chambeshi pa 14 Novembala, ndipo adatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala. Otsala amoyo atabwerera kwao adapeza minda itagonera, ndipo chimfine choopsa cha 1918 ndi 1919 chidadzatenganso ena ambiri.

Patangopita zaka 21 lipenga lidaliranso. Pa nkhondo yachiwiri ya pa dziko lonse Amalawi pafupifupi 30,000 adalowa usilikali. Mu Julayi 1940 adalimbana ndi Ataliyana pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, ndipo nchifukwa chake kampu ya asilikali ya ku Mzuzu imatchedwa Moyale. Adapita ku Ethiopia mu 1941, ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 adamenyana ndi Ajapani m'nkhalango za Burma, m'chigwa cha Kabaw, mvula ili mkati. M'zaka za m'ma 1950 ena adatumizidwanso ku Malaya. Ambiri a ife tidakula tikuona nkhalamba zokhala ndi mendulo m'kachikwama, ndipo magule a beni ndi malipenga, ndi mayendedwe ao a perete, ndi cholowa chimene usilikali udatisiyira.

Zimene mlendo adzapeza

Tiyeni tsono tibwerere kwa wapaulendo wa masiku ano. Amalonda athu ambiri amadziwa msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam ngati khonde la nyumba yao. Koma ndi angati adziwa kuti dzinali lidachokera ku mawu a Chingerezi otchulira gulu la amtengatenga, amene adali ndi msasa wao pa malo amenewo? Ku Nairobi kulinso dera lotchedwa Kariokor pa chifukwa chomwecho. Munthu amene akupikula nsalu ndi nsapato pa Kariakoo akuponda pamene padagona amtengatenga a nkhondo ya Chiwaya.

Pakati pa mzinda wa Dar es Salaam, pa mphambano ya mseu wa Samora, paima chifanizo cha mkuwa cha msilikali wachifirika atagwira mfuti, kuloza ku doko. Chidaimikidwa mu 1927, pa malo pomwe kale padaima chifanizo cha Hermann von Wissmann, mwini dzina la sitima ija idaomberedwa pa nyanja yathu. M'mbali mwa tsinde lake muli zithunzi za asilikali ndi amtengatenga atasenza katundu. Ku Nairobi, pa mseu wa Kenyatta, pali chipilala cha amuna atatu chimene chidaimikidwa mu 1928, ndipo ku Mombasa kuli chinanso. Mukafika pa zipilala zimenezi, funani dzina la munthu. Simudzalipeza ngakhale limodzi. Koma mukapita ku manda a nkhondo a pa mseu wa Bagamoyo ku Dar es Salaam komweko, mudzaona mizere ya miyala yoyera, uliwonse ndi dzina lake, udzu wometedwa bwino ndi maluwa. Kusiyana kumeneku sikudachitike mwangozi.

Bungwe losamala manda a nkhondo, limene lero limatchedwa Commonwealth War Graves Commission, lidakhazikitsidwa mu 1917 ndi lonjezo lakuti wakufa aliyense adzakumbukiridwa ndi dzina lake, popanda kusiyanitsa. Mu Epulo 2021 bungweli lidatulutsa lipoti lovomera kuti lonjezolo silidasungidwe. Lipotilo lidapeza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo Afirika, sadalembedwe maina kapena sadakumbukiridwe nkomwe, ndi kuti ena pakati pa 45,000 ndi 54,000 adakumbukiridwa mosalingana ndi anzao achizungu. Akuluakulu ena a nthawi ya atsamunda ankati Afirika sangamvetse tanthauzo la mwala wa pamanda. Nduna ya za chitetezo ya Britain, Ben Wallace, idapepesa m'nyumba ya malamulo mwezi womwewo. Ife amene timalima kumanda, timene timamanga ziliza ndi kumeta maliro, tidziwa kuti mawu a akuluakulu ajawo adali bodza.

Opita ku South Africa ali ndi malo ao oti akaone. Ku manda a Avalon ku Soweto kuli chikumbutso cha sitima ya Mendi, imene idamira pa 21 Febuluwale 1917 pafupi ndi gombe la England, nifa ndi anthu oposa 600, ambiri a iwo antchito akuda opita kukathandiza nkhondo ku France. Ku Cape Town, kumene Amalawi ambiri akugwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya maluwa, mu Januwale 2025 adatsegula chikumbutso chatsopano m'munda wa Company's Garden. Pamenepo adaimika mitengo yosema yoposa 1,700, uliwonse ndi dzina la wantchito mmodzi wa dzikolo amene adafa pa nkhondo yoyamba. Izi zitisonyeza kuti dzina likhoza kubwezedwa ngakhale patapita zaka zoposa 100. Amene ntchito idzawafikitse ku Nairobi angathenso kupita ku manda a nkhondo yachiwiri a pa mseu wa Ngong. Ndipo mwina mmodzi mwa ana athu adzafika ku Yangon m'dziko la Myanmar, limene kale linkatchedwa Burma. Kumpoto kwa mzindawo kuli manda a Taukkyan, kumene kudalembedwa maina pafupifupi 27,000 a asilikali opanda manda odziwika, ndipo pakati pao pali a kuno ku Africa.

Mafunso awiri

Wina adzati: kodi imeneyi sidali nkhondo ya eni ake? Nanga ife tikagwadirenji pa zipilala zomangidwa ndi atsamunda? Funsoli ndi lolemera, ndipo Chilembwe adalifunsa kale mfuti zikulira. Zoonadi, mkangano udali wa mafumu a ku Ulaya. Koma mapewa amene adasenza katundu adali a agogo athu, ndipo amasiye adatsala m'midzi yathu. Sitipita kumeneko kukatamanda ufumu wa Britain. Tipita kukaona abale, monga tichitira kumanda kwathu. Tikumbukirenso kuti mbali ya Ajeremani nakonso ovutika ambiri adali Afirika anzathu, asilikali ndi amtengatenga, ndiponso kuti eni midzi ya ku Tanganyika ndi Mozambique adalandidwa chakudya ndi magulu onse awiri. Mu Ogasiti 1917 Papa Benedikto wa 15 adalembera atsogoleri a maiko omenyanawo naitcha nkhondoyo kuphana kopanda phindu. Amene waima pa chipilala chopanda maina amamvetsa mawu amenewa kuposa wongowerenga m'buku, ndipo amabwerako atatsimikiza kuti nkhondo simanga mudzi.

Wina adzatinso: mapanga awiri avumbwitsa, munthu wotumidwa pa ntchito achite za ntchito. Apa tivomereza kwathunthu. Amene wathawa msonkhano umene ofesi yake idalipirira kuti akaone mzinda waba, ngakhale atakhala kuti wapita kumanda. Ntchito iyambe, ndipo ndalama za eni zigwire zimene adazitumira. Koma chimene tikupempha sichifuna tsiku lathunthu kapena ndalama zambiri. Malo ambiri otere salipiritsa polowa. Komanso ali pafupi ndi kumene mkhristu amapita kale Lamulungu. Chifanizo cha ku Dar es Salaam chili kamtunda kochepa kuchokera pa tchalitchi chachikulu cha Yosefe Woyera. Chipilala cha ku Nairobi sichili patali ndi tchalitchi cha Banja Loyera. Munda wa ku Cape Town uja wayandikana ndi tchalitchi chachikulu cha Maria Woyera. Misa ikatha, ola limodzi likwanira.

Kupempherera asilikali akufa si chinthu chatsopano mu Eklezia. Buku lachiwiri la Amakabeo, mutu 12, lisimba za Yudasi amene adasonkhanitsa ndalama kuti ansembe apereke nsembe chifukwa cha ankhondo ake ophedwa. Ndipo ambiri sadziwa kuti chilolezo chakuti wansembe aliyense achite Misa zitatu pa 2 Novembala chidaperekedwa ndi Papa Benedikto yemweyo mu 1915, poona unyinji wa akufa a nkhondo imeneyi. Choncho tsiku lokumbukira mizimu ya akufa lili kale ndi malo a amtengatenga athu.

Tiyambire kwathu

Safunsa adadya phula. Musananyamuke, khalani pansi ndi agogo, azakhali kapena amalume, muwafunse ngati pa mtundu panu padali wina amene adapita ku Chiwaya kapena ku Burma, dzina lake ndani, mfunda wake ndi uti, adabwerako kapena ai. Bungwe la manda lija lili ndi kaundula pa intaneti mmene munthu angafufuze dzina kwaulere. Kumbukirani kuti alembi a usilikali kawirikawiri ankalemba maina athu mopotoza, ndiponso kuti anyamata ena ankalembetsa ndi maina ongodzipatsa, tsono yesani kalembedwe kosiyanasiyana. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mukafika pa malopo vulani chipewa, werengani zolembedwa modekha, tchulani dzina limene mwabwera nalo, ndipo pempherani. Chithunzi mujambule, koma pobwera mukachionetse ana pamodzi ndi nkhani yake.

Nanga ife ambiri amene sitidzakwera ndege kapena basi ya kunja? Zikumbutso zina zili pakhomo pompano. M'boma lathu lomweli muli manda a Inkosi Gomani woyamba, amene Angoni adawamangira chipilala. Ku Zomba, pafupi ndi kampu ya Cobbe, kuli nsanja ya njerwa zofiira yokumbukira asilikali a King's African Rifles, ndipo chapafupi pali nyumba zosungiramo asilikali akale. Ku Karonga kuli manda a nkhondo ya 1914. Ku Mangochi, pafupi ndi mlatho wa pa Shire, kuli mfuti yochokera m'sitima ya Guendolen. Ku Lilongwe, ku Area 18, kuli nsanja ina ya chikumbutso. Sukulu kapena gulu la achinyamata a pa parishi likamakonza ulendo wokaona malo, liikepo amodzi mwa amenewa.

Nkhaniyi sidathere m'mabuku. Ana athu akupitabe kunja pa ntchito ya usilikali, tsopano m'dzina la dziko lao. Mu Novembala 2018 asilikali 6 a Malawi adaphedwa pafupi ndi Beni m'dziko la Congo ali pa ntchito yosungitsa mtendere. Mmodzi wa iwo, Chancy Chitete, adafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene adavulala, ndipo mu 2019 bungwe la United Nations lidampatsa mendulo yake yapamwamba ya kulimba mtima. Dzina lake lidalembedwa ndipo lidzakumbukika. Ndi zimene adayenera kulandiranso anyamata a ku Gumburu ndi a ku Lioma.

Abale ndi alongo, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma okumbukira nkhani za Chiwaya kuchokera pakamwa pa eni ake akutha chaka ndi chaka. Melvin Page, amene adalemba buku lotchedwa The Chiwaya War, adapeza zambiri mwa kufunsa nkhalamba za m'midzi yathu m'zaka za m'ma 1970. Nkhalamba zimenezo zidapita, koma ana ndi adzukulu ao alipo. Tikupempha mphakati uliwonse wa ku Mlangeni, Lizulu, Nzama, Tsangano ndi kwina konse kuti ugule kope limodzi, uyendere mabanja ake, ulembe dzina la aliyense amene adapita ku nkhondo, mudzi wake, kumene adapita ndi zimene zikumbukika za iye. Mainawo aperekedwe kwa bambo mfumu kuti awerengedwe pa Misa m'mwezi wa Novembala, ndipo mwana wa pa mphakatipo akamapita kunja pa ntchito atengeko tsamba lake m'thumba.